Anesi a Makanda ndi Ife Amtengatenga

Aliyense amene anaberekapo mwana kumsana n'kupita naye kusikelo pachipatala chathu chaching'ono chija akudziwa kuti malemu Anesi a Makanda sankalankhula ndi munthu wa mano onse. Ukakhala wamkulu, kwa iwo unali ngati benchi imene wakhalapoyo. Ankacheza ndi makanda basi. Mwana wamwamuna anali Bwana, wamkazi anali Dona, ndipo ife amayi, amene tinamva ululu wake, ankatitchula kuti amtengatenga, ngati malole onyamula simenti.

Ndinenetu poyambirira kuti ine sindinkawakonda. Pamaliro awo ndinalira nawo, inde, koma nsanje imene ndinali nayo pa mayi ameneyu sinalowe nawo m'manda. Ikadali pano.

Anali aafupi, ojintcha, magalasi ali pansonga ya mphuno, kawotchi kakulendewera pachifuwa, nsapato zophwanyika kuchidendene. Asanagwire mwana ankayamba apisa manja awo kukhwapa kuti afunde, ndiye ukawaona chapatali unkangoti nkhuku yaikulu ikufuna kuuluka. M'mawa uliwonse, asanayambe ntchito m'chipinda, ankayenda pamzere wa mabenchi ngati mkulu wa asilikali, akupereka moni.

"Bwana, mwadzuka bwanji? Dona, maso afiira chonchi bwanji, munali kudansi?"

Apa asuzumira m'mbereko, apo agwira kaphazi, apo aika dzanja pamphumi. Ena ankawachotsa pamzere n'kuwalowetsa poyamba, ife otsalafe n'kumang'ung'udza kuti mayiyu ali ndi tsankho.

Ine ndinabereka nditangosiya sukulu Fomu 3, ndipo mantha ndinabereka nawo limodzi. Mwana akalira ndinkaopa. Akakhala chete ndinkaopa kuposa. Akagona ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati mpweya ukutuluka, mpaka nthawi zina ndinkamudzutsa ndekha. Tsono tsiku lopita ku katemera woyamba ndinakonzekera ngati mayeso. Ndinaloweza zonse zokanena: kuyamwa kwake, matewera ake, kantchofu kamene ndinaona pakona ya diso. Ndinkafuna anesi aone kuti ngakhale ndine mwana, mwanayu ali ndi mayi.

Nditalowa, anatambasula manja n'kumulandira.

"Bwana, ndinu atsopano kuno eti? Ulendo mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, anesi," ndinatero.

Sanatembenuke n'komwe. "Bwana, galimoto yanu ili ndi wailesi."

Mabenchi onse panja anaseka, poti pakati pa chipinda chawo ndi mabenchiwo panali katani yokha, ndipo mawu awo sankadziwa kunong'ona.

"Tandiuzani Bwana, mukuyamwa? Zimene mwayamwazo simukuzibweza zonse? Munakomokapo? Nanga tulo, mukugona ta anthu, kapena tija toti ngakhale akugwedezeni simudzuka?"

Ine duu, poti ndinali nditauzidwa kale kuti ndine wailesi.

"Bwana, wailesi ija yatha mabatire?"

Apo ndi pamene ndinadziwira lamulo la m'chipindamo. Ankafunsa mwana, iwe n'kuyankha, iwo n'kuthokoza mwana. Ndikati, "Akuyamwa bwino," iwo ankati, "Mwatero Bwana? Zikomo kwambiri." Mayi akanama, ankatsina pang'ono khungu la pamimba pa mwana, kuyang'ana zikhatho, kugwira paliwombo, kenaka n'kupukusa mutu. "Dona akuti ayi. Akuti akhala akutsegula m'mimba kuyambira dzana." Ndipo nthawi zonse Dona ankakhala akunena zoona.

Chomaliza ankakweza malaya a mwana, kugwira kawotchi kaja, n'kulengeza kuti, "Tsopano aliyense atseke pakamwa, Bwana akulankhula." Chipinda chonse zii. Ankangoyang'ana kachifuwa kakukwera ndi kutsika, milomo yawo ikuwerenga chamumtima. Ngakhale munthu wosesa ankaimitsa tsache.

Nsanje inayamba tsiku lomwelo. Mwana wanga anali asanasekerepo munthu. Ine ndinali nditamuimbira, kumuvinira, kumutulutsira lilime, koma nkhope ili gwa ngati woweruza milandu. Anesi aja anatenga jakisoni n'kumuuza poyera kuti, "Bwana, ndikubayani. Sindikunamizani, ziwawa. Madandaulo mukapereke kwa amtengatenga." Anamubaya. Mwana analira, n'kundiyang'ana ine ngati ndine ndamubaya. Atatonthola anatembenukira kwa iwo, n'kumwetulira nkhama zonse pamtunda.

Kunyumba ndinawafotokozera abambo ake, amene ndi atelala, makina awo ali pakhonde. Anaseka mpaka ulusi unaduka.

"Amayi a mwana, basi mwapeza mkazi mnzanu."

"Musaseke. Kumwetulira koyamba kunali kwanga."

"Ndiye mukakutenge. Mukawauze kuti abweze."

Kuyambira pamenepo, mumtima mwanga dzina lawo linali lomwelo, mkazi mnzanga.

Ngati izi sizinakwane, panalinso aneba anga a nyumba yoyang'anana nafe. Tinabereka mwezi umodzi, koma mwana wawo anali chimwana. Khosi analibe. Pomuika m'kachikwama ka sikelo pankafunika anthu awiri, ndipo chingwe chinkadandaula. Anesi ankamutchula kuti Bwana Mkubwa.

"Bwana Mkubwa afika. Tachotsani mipando adutse. Bwana, sikelo yathu ndi imodzi yomweyi, muichitire chifundo."

Aneba n'kumangoyenda monyang'wa ngati apambana chikho. Wanga akamukweza, muvi unkangosuntha mwaulemu.

Mwezi wina ndinaganiza zothandiza muviwo. Ndinamuveka matewera awiri, malaya atatu, juzi, masokosi awiriawiri ndi chipewa chaubweya, dzuwa likuswa mtengo. Anesi anamulandira, n'kumuyeza m'manja kaye.

"Bwana, mukusamuka? Mwabwera ndi wadiropu yonse."

Anayamba kumuvula chimodzichimodzi, chilichonse akuchikweza m'mwamba kuti a pabenchi aone. Mulu wa zovala utaposa mwini wake, anamuika pasikelo, n'kuyang'ana mzere wa m'buku lake.

"Bwana, musatekeseke ndi mimba za anzanu. Inu msewu wanu ukukwera bwinobwino. Tsiku limene udzagone chammbali kapena kutsika, pamenepo tidzakhala pansi. Koma auzeni amtengatenga kuti sitiyeza nsalu kuno. Nsalu akayeze kunyumba, kuli atelala."

Ndinatuluka makutu akutentha. Kuti anena zoti mwana akukula bwino ndinakumbukira nditafika kale kunyumba.

Abambo ake nawonso analawako. Mwana atagwidwa chimfine koyamba, anatseka makina n'kunena kuti atiperekeza okha, chifukwa akazi sadziwa kulankhula ndi achipatala. Anavala jekete. Titalowa, anakhosomola kaye.

"Anesi, ife tabwera kuti mwanayu abayidwe jakisoni. Wamphamvu."

"Bwana, lero mwabwera ndi kondakitala?"

Anamupima monga mwa nthawi zonse, kachala anakabaya kuyeza malungo, malaya m'mwamba, aliyense atseke pakamwa. Atamaliza anati, "Bwana, inu ndakumvani. Malungo mulibe, kupuma kuli bwino, ndi chimfine chabe, chitha chokha. Koma kondakitala akufuna jakisoni. Ndiye tiwabaye iwowo? Auzeni atsitse buluku."

Abambo ake anapezeka ali panja, akuwerenga mwachidwi chithunzi cha pakhoma chonena za kasambidwe ka m'manja.

Anesi anapitiriza, mawu atatsika pang'ono, koma okwanira kuboola katani. "Muziyamwa pafupipafupi, mphuno azikupukutani. Koma tamverani Bwana. Tsiku limene mudzaone kuti mpweya ukuthamanga, kapena pansi pa nthiti apa pakulowa m'kati mukamakoka mpweya, kapena bere mwalikana, musadzadikire kuti kondakitala amalize kusoka. Mudzalize huta, galimoto inyamuke."

Ine ndinkamva zonse. Osati za mwana wanga yekha ayi. Ndikakhala pabenchi ndinkatchera khutu ku chilichonse chimene ankauza ana a eni, kuti ndione amene akumukonda kuposa wanga. Ndinamva akuuza Dona wina kasungunulidwe ka paketi ya madzi a otsegula m'mimba. Ndinamva akuuza Bwana wina kuti mapazi otupa si kunenepa. Sindinkaphunzira ine, ndinkafufuza mlandu. Chimene ndinkalakalaka chinali chimodzi: kuti tsiku lina mayi ameneyu andiyang'ane kumaso, alankhule ndi ine, avomere kuti mwanayu mwini wake ndine.

Ndiye tangoganizani mmene ndinapsera m'mawa wina. Akuyendera mzere, anaima pa mtsikana wina wovala diresi lofwifwa, yemwe mwana wake anali atangoti lobodo kumsana. Anasuzumira, n'kuvula magalasi.

"Mayi, tiyeni m'kati. Zayamba liti?"

Mayi. Ine miyezi yonseyi ndili lole.

Ndinawakodola aneba. "Ameneyu ndi ndani? Ndi m'bale wawo?"

"Aneba, zimenezo musamasilire."

"Chifukwa?"

"Ingopempherani kuti mukhale amtengatenga mpaka mwana adzayambe sukulu."

Ndinati mumtima, n'kosavuta kulankhula choncho munthu ukakhala mayi a Bwana Mkubwa. Ambulansi ndinaiona ikutuluka pageti, koma mutu wanga unali pa liwu lija.

Chinandimaliza chinachitika mwana atayamba kuimilira. Kunyumba ankati "baba" kwa abambo ake, "baba" kwa mphaka, "baba" kwa makina osokera. Ine ndinkamugwira masaya n'kumamuphunzitsa, "Ma-ma. Ma-ma." Iye n'kumangondiyang'ana. Tsiku la sikelo, titangolowa kuseri kwa katani, anatambasula timanja kuloza anesi aja, n'kunena momveka bwino ngati wowerenga nkhani:

"Mama."

"Ayi Bwana," anatero anesi, "musandiyambanitse ndi eni galimoto."

Pabenchi ena anagwa nako kuseka. Ine sindinaseke. Ndinalumbira njira yonse kuti phazi langa silidzapondanso pamenepo. Kuli chipatala china kutsidya kwa tawuni, kokwera maminibasi awiri. Ndinati ndizipita kumeneko, kumene mwana ndi mwana ndipo mayi ndi mayi.

Mwezi usanathe mwana anayamba kutsokomola. Tsiku loyamba ankasewera. Lachiwiri thupi linafunda. M'mawa wa tsiku lachitatu ndinawauza abambo ake kuti mtima wanga sukukhazikika.

"Ndi chimfine chomwe chija," anatero, phazi lili pa makina. "Mukufuna akandivulenso buluku? Ndiponso si inu munalumbira?"

Ndinabwerera m'nyumba. Mwana anali pamphasa, maso ali pakati pa kugona ndi kudzuka. Ndinamupatsa bere. Anakoka kawiri n'kulisiya, kenaka n'kutembenuza mutu. Ndinamugoneka pamiyendo, ndipo manja anga anakweza malaya ake okha. Makina pakhonde anali kulira, kalakata kalakata. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu amene sanali anga.

"Imitsani makinawo, Bwana akulankhula."

Makina anaima. Kachifuwa kankathamanga ngati ka mbalame imene waigwira m'manja. Ndipo akakoka mpweya, pansi pa nthiti pankalowa m'kati, ngati wina akukoka chingwe kuchokera kumsana.

Sindikumbuka kuti ndinamubereka bwanji. Pamsewu minibasi yopita kutsidya inali itaima, kondakitala weniweni akuitana, koma miyendo yanga sinandifunse maganizo. Inakhotera ku chipatala chathu chomwe chija.

Ndinapeza mabenchi atadzaza, anesi atamaliza kale kuyendera mzere. Mayi wina anati, "Mzere ukuyambira uko, achemwali." Ine, amene ndimapepesa ngakhale munthu akandiponda, ndinangodutsa n'kukankha katani. Anali ndi Dona wina m'manja, akumufunsa za mano ake atsopano.

"Anesi," ndinatero, "pansi pa nthiti pakulowa. Bere wakana."

Anabweza Dona uja kwa mayi ake. Anakweza malaya a mwana wanga, osapisa n'komwe manja kukhwapa. Anayang'ana pang'ono chabe. Kenaka anavula magalasi n'kundiyang'ana ine, kumaso.

"Mayi, khalani apa."

Liwu limene ndinalidikira chaka chathunthu linalowa m'thupi mwanga ngati madzi ozizira. Pomwepo ndinamvetsa za mtsikana wa diresi lofwifwa uja, ndi za ana amene ankawachotsa pamzere m'mawa, ife n'kumati tsankho.

"Zayamba liti? Wasanza? Wakomokapo?"

Ndinayankha zonse, ndipo panalibe woti amuthokoze.

"Zanthitizi mwaziona nokha?"

"Eya."

"Mwaona bwino."

Manja awo anali kale pa botolo ndi jakisoni. Ndinawagwira mkono wa diresi.

"Anesi, lankhulani nayeni. Mumufunse mmene mumamufunsira muja."

"Lero sangandiyankhe. Lero ndikulankhula ndi inu. Tandiyang'anani, Mayi. Ichi ndi chibayo. Ndikumubaya mankhwala oyamba, kenaka mupita kuchipatala chachikulu, kuli makina a mpweya. M'njira mumufunditse, ndipo muziyesabe kumupatsa bere. Mwafika nthawi yabwino. Mwamva?"

"Ndamva."

"Tabwerezani."

Ndinabwereza. Anatiperekeza okha mpaka pakhomo pa ambulansi, nsapato zija zikukwekwereza pansi, ndipo ndi iwo amene anatseka chitseko.

Tinakhalako pafupifupi sabata, timachubu tili m'mphuno mwa mwana, abambo ake atakhala pakhonde la wodi, jekete lili m'manja. Tsiku limene anagwira bere n'kulikakamira, ndinalira mpaka mayi wa bedi loyandikana anaganiza kuti zavuta.

Titatuluka ndinapita naye kwa Anesi a Makanda kuti akamuonenso. Ndinakankha katani ija. Ndinkangoyang'ana magalasi awo, ngati avule kapena ayi. Sanavule. Anapisa manja kukhwapa, osandiponyera ngakhale diso.

"Bwana, mwabwerako? Kupita kutawuni osatigulira kanthu?"

Malaya m'mwamba, aliyense atseke pakamwa, kawotchi m'manja. Anawerenga nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenaka anatsitsa malayawo n'kumusisita pamimba.

"Mwalankhula bwino, Bwana. Koma ndikuuzeni chinthu chimodzi. Galimoto yanuyi musadzaigulitse. Ili ndi nyali zakuthwa."

Sindinasangalalepo chotero chifukwa chotchedwa galimoto. Ndikadatha kuwakumbatira. Koma nthawi yomweyo mwana anawatsomphola magalasi, n'kuseka kuseka kumene ine anali asanandisekerepo chituluke m'chipatala, ndipo nsanje yanga inabwerera pamalo pake ngati sinachokepo.

Chaka chathachi miyendo ya Anesi a Makanda inayamba kutupa. Ankayenderabe mzere, koma ndi ndodo, akupumira pa benchi iliyonse. "Dona, musandithamangitse, matayala anga aphwa." Mwezi wina tinapeza katani ili yomanga pambali, mpando uli wopanda munthu. Anatiuza kuti agonekedwa. Mwezi wotsatira uthenga unafika.

Pamaliro awo panadzaza amtengatenga. Ena ana awo ndi aatali kuwaposa. Ndipo ngakhale pamenepo mpikisano sunathe. Uyu akuti wanga ankamukonda kwambiri, uyo akuti wanga anamupatsa dzina lapadera, aneba anga akuti aliyense akudziwa kuti Bwana Mkubwa analibe mnzake. Ine lilime linandiyabwa kuti ndinene kuti ine ananditchulapo Mayi, ndiponso anati ndili ndi nyali zakuthwa. Ndikutsegula pakamwa, ndinaona mtsikana wa diresi lofwifwa uja atakhala kumapeto, payekha, kumsana kulibe kanthu. Ndinatseka pakamwa panga.

Pano kuli anesi atsopano, achitsikana, aulemu, ndipo ntchito amaidziwa. Pamene panali katani anaikapo chitseko, moti za mwana wa mnzako sumvanso. Tsiku lawo loyamba anatuluka n'kuyang'ana mayi woyamba pamzere, akumwetulira.

"Mayi, lowani."

Benchi yonse inauma. Mayi uja anagwira mwana wake pachifuwa. Anesi aja anadabwa kuti alakwitsa chiyani. Mpaka lero akandiitana choncho, ndimayamba kaye ndayang'ana kupuma kwa mwana wanga.

M'mawa pamabenchi pamakhala phee. Palibe wofunsa makanda ngati anali kudansi. Ndimadzipeza ndikusuzumira m'mbereko za anthu osawadziwa, maso anga ali pa tizifuwa ta ana a eni.

Mwana wanga tsopano amayenda yekha ndipo amalankhula kuposa wailesi. Ulendo wathawu titalowa m'chipinda chija, anakwera yekha pampando, n'kukweza malaya ake mpaka kukhosi, kamimba kali panja, akudikira. Anesi atsopano ankafunsa ine ngati akudya bwino, akulemba m'buku. Iye anadikirabe, akuyang'ana uku ndi uku. Kenaka anatsitsa malaya aja pang'onopang'ono.

Titatuluka panja ndinagwada patsogolo pake. Ndinapisa manja kukhwapa, ndinatsitsa mawu, ndinayesetsa ndithu.

"Bwana, mwadzuka bwanji? Ulendo mwayenda bwanji?"

Anandiyang'ana ndi nkhope yake ija ya woweruza milandu.

"Amama, simukutha," anatero. "Anesi anga sankatero."

Anesi anga. Ndinamubereka kumsana, ngakhale ndi wolemera tsopano, ndipo tinanyamuka.